Mmene mungathetsere vuto la sshd yokakamira ndi kulemetsa CPU pa seva ya Linux

Vutoli limabwera ndi nkhope imodzimodzi nthawi zambiri. Muli mu ofesi ku Katoto, ndiye mnzanu amene watumidwa ku Karonga akuimba foni kuti akulephera kulowa pa seva, kapena walowa koma chilembo chilichonse chimene akulemba chikuonekera patapita masekondi angapo. Mukasendera pakona pamene pali sevayo mukumva fani ikulira ngati chigayo, ndipo mukatsegula `top`, imene imaonetsa mapulogalamu odya CPU, mukupeza mzere wolembedwa sshd, pulogalamu imene imalandira anthu olowa pa seva ali kutali kudzera pa SSH, uli pamwamba penipeni, ukudya 100 peresenti ya CPU. Apa anthu ambiri amazimitsa seva n'kuiyatsanso, ena amalemba `killall sshd`. Njira ziwirizi zimapereka mpumulo wa maola ochepa, koma zimafafaniza umboni wonse wa chimene chinayambitsa vutolo, ndipo yachiwiriyo ikhoza kukutsekerani kunja ngati seva ili kutali ndi inu.

Malangizo awa ndi a OpenSSH, gulu la mapulogalamu kumene sshd imachokera, pa Debian, Ubuntu ndi ma Linux a banja la Red Hat monga Rocky Linux ndi AlmaLinux. Ndikanena kuti process ndikutanthauza pulogalamu imene ikuyenda panthawiyo, yokhala ndi nambala yakeyake yotchedwa PID.

## Zofunika kukhala nazo

- Akaunti yokhala ndi mphamvu za `sudo`, kapena ya root.
- Njira ina yolowera yosadalira SSH: kiyibodi ndi sikirini zolumikiza ku seva yeniyeniyo, kapena console ya pa webusaiti ngati seva ndi yobwereka kunja.
- Mapulogalamu a `strace`, `lsof` ndi `tmux`. Aikeni lero seva ikadali bwino, chifukwa kuika pulogalamu pa makina olemedwa kale, intaneti ikukwawa, n'kovutitsa kwambiri.
- Laputopu yodzaza batire ndi bandulo pa foni ya netiweki ina, kuti magetsi akazima muli pakati pa ntchito musasiye seva ili theka.
- Foda yosungiramo umboni: `sudo mkdir -m 700 /root/umboni`

## Sitepe 1: Tsegulani khomo lachiwiri musanakhudze chilichonse

Ngati mwakwanitsa kulowa kamodzi, musatseke windo limenelo mpaka ntchito yonse itatha. Musanalembe `sudo` kapena `tmux`, lembani `tty` ndi `echo $SSH_CONNECTION`, ndipo mulembe papepala zimene zatuluka, monga `/dev/pts/2` ndi adiresi imene mwachokera. Kapepala kameneka n'kamene kadzakuletseni kupha kulumikizana kwanu komwe pa sitepe 8. Mukatero lowani mu `tmux`, kuti netiweki ikadula malamulo anu apitirire kuyenda.

Ngati seva ili kutali, yatsaninso sshd ina yongodikirira pa port ina:

`sudo /usr/sbin/sshd -p 2222 -o PidFile=/run/sshd-2222.pid`

Tsegulani port 2222 pa firewall, yesani kulowera pamenepo, ndipo mukumbukire kudzaitseka mukamaliza.

## Sitepe 2: Tsimikizani kuti CPU ndi imenedi yalemedwa

Lembani `nproc` kuti mudziwe ma core amene seva ili nawo, kutanthauza zigawo za CPU zimene chilichonse chimagwira ntchito pachokha, kenaka `top`. Nambala ya load average, imene imasonyeza kuchuluka kwa ma process amene akuyenda kapena akudikira, muiyerekeze ndi ma core: load ya 4 pa seva ya ma core 4 ndi ntchito yokwanira basi, pamene pa seva ya core imodzi ndi mzere wautali wa odikira. Pa mzere wachitatu onani zilembo zinayi. `us` ndi `sy` zikakwera, CPU ikugwiradi ntchito. `wa` ikakwera, CPU ikungodikira disiki, ndipo vuto lanu lili pa sitepe 7. `st` ikakwera pa seva yobwereka, ndiye kuti makina aakulu amene mukugawana ndi anthu ena sakukupatsani gawo lanu lonse, ndipo palibe chimene mungasinthe mu sshd chimene chingathandize.

Chenjezo: pa Linux load average imawerengeranso ma process amene akudikira disiki, choncho load ya 30 payokha si umboni woti CPU yatha.

## Sitepe 3: Dziwani kuti ndi sshd iti

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse, chifukwa sshd si chinthu chimodzi. Pali process yaikulu imene imamvetsera pa port 22, ndipo aliyense amene wagogoda amapatsidwa ma process akeake. Lembani:

`ps -eo pid,ppid,user,stat,pcpu,etime,args --sort=-pcpu | grep [s]shd | sudo tee /root/umboni/ps.txt`

Kuyambira pa OpenSSH 9.8, imene inatuluka mu July 2024, ma process a anthu olowa amatchedwa `sshd-session`, ndipo lamulo ili limawagwira onse. Werengani mawu a kumapeto kwa mzere uliwonse. Wolembedwa `[listener]`, kapena `/usr/sbin/sshd -D` yekha pa ma seva akale, ndiye kholo, ndipo kawirikawiri sadya CPU. Wolembedwa `[accepted]` kapena `[net]` ndi munthu amene ali pakhomo koma sanatsimikizidwe. Wa `[priv]` ndi mlonda amene amayenda ndi mphamvu za root m'malo mwa wolowayo. Wonga `dzina@pts/1` ndi munthu amene ali ndi terminal, pamene `dzina@notty` ndi wotumiza mafayilo kudzera pa `scp`, `sftp` kapena `rsync`.

Mizere imeneyi imakuuzani kale kolowera. Mizere yambirimbiri ya `[accepted]` ndi `[net]`, uliwonse ukudya pang'ono ndipo ma PID akusinthasintha, ndi chizindikiro cha anthu oyesa mawu achinsinsi. Mzere umodzi wa `@notty` wodya kwambiri nthawi zambiri si vuto ayi: wina akukopera fayilo yaikulu, ndipo kubisa ndi kupanikiza deta kumafuna CPU. Ndinaonapo munthu akupha process yotere mokondwa, osadziwa kuti wadula backup ya usiku imene inali itatsala pang'ono kutha. Mzere umodzi wa `@pts` umene wakhala masiku angapo pa `etime` ukudya core yonse ndi umene tikuusaka makamaka.

Onaninso chilembo choyamba cha `stat`. R ndi process imene ikuthamanga, S ikugona podikira chinachake, D yamangika podikira disiki kapena foda ya pa netiweki, ndipo Z yafa kale koma kholo lake silinaichotse m'kaundula. Process ya Z sidya CPU ngakhale pang'ono, choncho musataye nayo nthawi.

Chenjezo: nambala ya CPU imene `ps` imaonetsa ndi ya moyo wonse wa process, osati ya mphindi ino. Kuti muone za panopa lembani `top -p` ndi PID yake. Ndiponso lembani `pstree -p` ndi PID yomweyo, chifukwa kambiri wodya CPU amakhala mwana wa sshd, monga sikiripiti kapena pulogalamu yolembera imene mwini wake anaisiya yotsegula netiweki itadula.

## Sitepe 4: Onani ngati ndi sshd yeniyeni

Dzina limene mukuliona mu `top` pulogalamu iliyonse ikhoza kudzipatsa, ndipo akuba amene amaika mapulogalamu okumba ndalama za crypto pa ma seva a eni amakonda mayina osakayikitsa ngati limeneli. Tiyerekeze kuti PID ndi 4312:

`sudo ls -l /proc/4312/exe`

Yankho labwino ndi `/usr/sbin/sshd`, kapena fayilo ya `sshd-session` imene ili mu `/usr/lib/openssh` kapena `/usr/libexec/openssh`. Likaloza ku `/tmp`, `/var/tmp`, `/dev/shm` kapena foda yobisika yoyamba ndi kadontho, seva yalowedwa. Mawu oti `deleted` kumapeto amafuna kuganiza kaye: ngati njira yake ndi yolondola ndipo munachita update posachedwa, ndi process yakale chabe imene ikuyendabe ndi fayilo yolowedwa m'malo, koma ngati njira yake ndi yachilendo ndiye kuti wakubayo anafafaniza mapazi ake.

Mukakayikira, musaiphe. Iumitseni ndi `sudo kill -STOP 4312`. CPU imapuma nthawi yomweyo, fani imatsika mawu, koma process imakhalapobe ndi umboni wake wonse. Kenaka koperani ndi `sudo cp /proc/4312/exe /root/umboni/` ndipo muone kumene ikulumikizana ndi `sudo lsof -p 4312`. Mukapeza kuti inali yosalakwa, `kill -CONT` imaiukitsa. Mafayilo a OpenSSH muwayese ndi `dpkg --verify openssh-server` pa Debian ndi Ubuntu, kapena `rpm -V openssh-server` pa banja la Red Hat. Kusintha kwa `sshd_config` n'kwachibadwa, koma kusintha kwa fayilo ya pulogalamu yeniyeniyo sikwachibadwa.

Sitepe imeneyi ena amaiona ngati mantha opitirira muyeso, koma mu March 2024 katswiri wa database ya PostgreSQL, Andres Freund, anatulukira khomo lachinsinsi limene linabisidwa mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, pulogalamu yopanikiza mafayilo, chifukwa choti anaona sshd ikudya CPU kuposa mmene iyenera ndipo kulowa kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Ngati mwatsimikiza kuti seva yalowedwa, kupha process sikokwanira, chifukwa imadzukanso kudzera mu `crontab`, mu ma service a systemd kapena mu makiyi oonjezeredwa mu `authorized_keys`. Njira yodalirika ndi kusunga deta, kuika Linux mwatsopano ndi kusintha makiyi ndi mawu achinsinsi onse.

## Sitepe 5: Werengani ma log

`sudo journalctl -t sshd -t sshd-session --since "2 hours ago"`

Pa Ubuntu mulinso `/var/log/auth.log`, pa banja la Red Hat `/var/log/secure`. Debian 12 yongoikidwa kumene ilibe `auth.log`, choncho musadabwe. Musanayerekeze nthawi lembani `timedatectl`. Ma seva ambiri obwereka amayendera UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya kuno, moti mnzanu akati zinayamba 10 koloko m'mawa muyenera kuyang'ana pa 08:00.

Mizere yobwerezabwereza ya `Failed password` ndi `Invalid user` yochokera ku maadiresi achilendo ndi ya makina oyesa mawu achinsinsi, ndipo seva iliyonse yoonekera pa intaneti imawalandira usana ndi usiku. Kugogoda kulikonse kumachititsa sshd kupanga process yatsopano ndi kuwerengera makiyi, choncho pa seva yaing'ono ya core imodzi zimatha kuilemetsa. Kuti muone ogogoda kwambiri:

`sudo journalctl -t sshd -t sshd-session | grep "Failed password" | grep -oE "from [0-9.]+" | sort | uniq -c | sort -rn | head`

Mukaona mawu a `MaxStartups` mu log, mwapeza chifukwa chimene mnzanu wa ku Karonga akukanidwira. Mwachibadwa nambala yake ndi `10:30:100`, kutanthauza kuti osatsimikizidwa akafika 10 sshd imayamba kukana 30 mwa ogogoda 100 aliwonse, ndipo kukanako kumakwera mpaka osatsimikizidwa akafika 100 onse amabwezedwa. Wobwezedwayo amaona uthenga woyamba ndi `kex_exchange_identification`.

## Sitepe 6: Suzumirani mkati mwa process

Ngati ndi process imodzi ya R imene ikudya core yonse, funsani chimene ikuchita:

`sudo timeout 10 strace -c -p 4312 -o /root/umboni/chidule.txt`

`sudo timeout 3 strace -tt -p 4312 -o /root/umboni/mizere.txt`

Loyamba limawerengera mapempho amene process ikupereka ku kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, lachiwiri limawalemba mmodzimmodzi. Mukapeza `poll`, `ppoll`, `select` kapena `read` zikubwerezedwa kambirimbiri pa sekondi imodzi, zikubwerera ndi 0, `EAGAIN` kapena `EIO`, ndiye kuti process ikuzungulira pamalo amodzi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: ikuwerenga pa terminal kapena paipi imene mbali inayo inatsekedwa kale. Nambala yoyamba mu pempho la `read` muifufuze mu `sudo ls -l /proc/4312/fd` kuti mudziwe chimene ikuwerengacho. Ngati fayilo ya strace yatuluka yopanda kanthu pamene CPU ili pa 100, process ikuzungulira mkati mwake mosafunsa kernel, ndipo zimenezi zimaloza ku cholakwika cha pulogalamu kapena ku pulogalamu yachinyengo ya pa sitepe 4.

Kenaka lembani `sudo ss -tnpo | grep 4312` kuti muone ngati mwini wake akadalipo. Nambala yaikulu pa `Send-Q` imene sikutsika imasonyeza kuti seva ikulankhula yokha. Izi n'zofala kuno: munthu walowa pa hotspot ya foni ali pa msewu wa ku Nkhata Bay, netiweki yasowa pakati pa mapiri, kapena magetsi azima rauta n'kuzima nawo, ndipo seva sinauzidwe kuti wachoka. Ngati pali deta yoti itumizidwe, Linux imayesayesa pafupifupi mphindi 15 isanagonje, koma ngati palibe imadikira masekondi 7200, omwe ndi maola awiri, isanayambe n'komwe kufunsa ngati winayo ali moyo.

Machenjezo awiri apa ndi ofunika kwambiri. Musayendetse strace pa sshd ya windo lanu lomwe zotuluka zikubwera pa sikirini, chifukwa mzere uliwonse umabala mizere ina ndipo mumadzipangira nokha vuto limene mukusaka. Chachiwiri, strace pa process ya `[priv]` ikhoza kulemba mawu achinsinsi a munthu poyera, choncho mafayilowa akhale mu foda yotsekedwa ija ndipo muwafafanize mukamaliza.

## Sitepe 7: Ngati process ili pa D, kapena kulowa kukuchedwa

Process ya D kawirikawiri simva `kill -9`, ndipo wolakwa si sshd. Lembani `df -h` ndi `df -i` kuti muone ngati disiki yadzaza, kenaka `sudo dmesg -T | tail -50`. Mawu a `I/O error` ndi disiki imene ikufa, chinthu chosadabwitsa pa makina amene akhala akuzima mwadzidzidzi chifukwa batire ya UPS inatha kale mphamvu. Mawu a `nfs: server not responding` akutanthauza kuti foda ya pa netiweki yasowa, ndipo aliyense amene home yake ili mmenemo amamangika akangolowa. Ngati `df` yomweyo yakakamira, yankho ndi lomwelo. Dzutsani makina osungira mafayilowo, ndipo ma process amamasuka okha.

Ngati vuto ndi kuchedwa polowa, lembani `ssh -vvv` kuchokera pa laputopu muone mzere umene ikuima. Kumbali ya seva, `sudo /usr/sbin/sshd -d -p 2223` imalandira munthu mmodzi yekha, n'kulemba zonse zimene ikuchita. Olakwa odziwika ndi `UseDNS yes` pamene DNS sikuyankha, `GSSAPIAuthentication yes` pa malo opanda Kerberos, fayilo ya `/var/log/btmp` imene yatupa ndi oyesa mawu achinsinsi, ndi masikiripiti a mu `/etc/update-motd.d` pa Ubuntu.

## Sitepe 8: Iphani process yolakwa yokhayo

Yerekezani ndi kapepala ka pa sitepe 1, mutsimikize kuti `pts` yake si yanu, ndipo ngati mwini wake akupezeka pa foni mufunseni kaye. Yambani ndi mwana amene akudya CPU: `sudo kill 4312`. Dikirani masekondi khumi. Ikakana, m'pamene mulembe `sudo kill -9 4312`. Ngati munaiumitsa ndi STOP ndipo mukufuna ituluke mwaulemu, muiukitse ndi CONT mutatumiza `kill` woyambayo. Onaninso `top`, ndipo mudikire mphindi zingapo kuti muone ngati ina yofanana nayo sikubadwa.

## Sitepe 9: Tsekani mpata kuti zisabwerenso

Koperani `/etc/ssh/sshd_config` pambali, kenaka ikani izi:

`ClientAliveInterval 60`
`ClientAliveCountMax 5`
`LoginGraceTime 30`
`PermitRootLogin no`
`PasswordAuthentication no`

Mizere iwiri yoyamba imachititsa seva kufunsa wolowayo sekondi 60 zilizonse, ndipo akapanda kuyankha kasanu imamuchotsa. Mwachibadwa mzere woyambawo umakhala pa 0, kutanthauza kuti sifunsa konse, ndipo wachiwiri pa 3. Ine ndimakonda 5 chifukwa netiweki ya pa foni imatha kusowa mphindi ziwiri n'kubweranso, ndipo si bwino kuthamangitsa munthu amene akadali pa ntchito. `LoginGraceTime` mwachibadwa ndi masekondi 120, nthawi yaitali kwambiri yoti mlendo aime pakhomo. Mzere womaliza ndi umene umathetsa phindu la oyesa mawu achinsinsi, koma muuike pokhapokha aliyense wa mu ofesi atayesa kiyi yake n'kulowa nayo.

Yesani ndi `sudo sshd -t`. Ikangokhala chete ndiye kuti zili bwino. Kenaka `sudo systemctl reload ssh` pa Debian ndi Ubuntu, kapena `reload sshd` pa banja la Red Hat, ndipo mulowe pa windo latsopano lakale lija likadali lotsegula.

Ikaninso `fail2ban`, imene mwachibadwa imatsekera kunja kwa mphindi 10 adiresi yolephera kasanu m'mphindi 10, ndipo adiresi ya ofesi yanu muiike pa `ignoreip` mu `jail.local`. Pomaliza chitani update ya `openssh-server`. Cholakwika cha CVE-2024-6387, chimene kampani ya Qualys inalengeza pa 1 July 2024, chimakhudza OpenSSH kuyambira 8.5p1 mpaka isanafike 9.8p1, ndipo ma Linux akuluakulu anatulutsa zigamba zake ngakhale nambala ya pulogalamu ikuoneka yakale. Zimitsani sshd ya pa port 2222 ija ndi kutseka port yake.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Cholakwika chachikulu ndi `killall sshd` kapena `pkill sshd` pa seva yakutali. Lamuloli likhoza kupha kholo, ana onse ndi windo lanu, ndipo ngati seva ili ku nthambi ya ku Rumphi popanda console, chotsatira ndi kukwera minibasi kukangolemba mzere umodzi.

Chachiwiri ndi kusintha `sshd_config` koma zosinthazo osagwira. Mu fayilo imeneyi mzere woyamba kuwerengedwa ndi umene umapambana, ndipo pa Debian ndi Ubuntu zatsopano pamwamba pake pali `Include` imene imawerenga mafayilo a mu `/etc/ssh/sshd_config.d` poyamba. Pa ma seva obwereka mumapezeka kawirikawiri `50-cloud-init.conf` yolola mawu achinsinsi, ndipo imagonjetsa zimene mwalemba m'munsi. Chimene sshd ikutsatiradi mumachiona ndi `sudo sshd -T | grep -i passwordauth`.

Ena amaika `LoginGraceTime 0` poganiza kuti akukhwimitsa chitetezo, pamene 0 amatanthauza kuti palibe malire, moti alendo amadzaza malo onse a `MaxStartups` n'kukhala pomwepo. Enanso amakweza `MaxStartups` kufika mazana kuti anzawo asamakanidwe, zimene zimangopatsa oyesa mawu achinsinsi mpata wodya CPU yochulukirapo.

Kusamutsa SSH kuchoka pa port 22 kumachepetsa phokoso mu log, koma sikulowa m'malo mwa makiyi.

Pa `fail2ban` kumbukirani kuti ofesi yonse imatuluka pa intaneti ndi adiresi imodzi, ndipo pa netiweki za mafoni anthu ambiri osadziwana amagawana adiresi imodzi imene imasinthasinthanso. Mnzanu mmodzi akaiwala mawu achinsinsi kasanu, nonse mumatsekeredwa kunja. Zikatero lowani pa console mulembe `sudo fail2ban-client set sshd unbanip` ndi adiresiyo.

Kumbali ya wolowa, windo likauma musangotseka laputopu n'kunyamuka. Dinani Enter, kenaka `~` ndi kadontho, ndipo SSH imatuluka. Ntchito yaitali iliyonse, monga kukopera database kapena kuchita update, muiyambire mu `tmux`, ndipo mu `~/.ssh/config` ya pa laputopu muike `ServerAliveInterval 30` kuti nanunso muzidziwa msanga pamene seva yasiya kukumvani.